Mfuti ya matumba awiri a chimanga

Mu Julaye 1994 ndinatsala pang'ono kugula mfuti. Ndinali ndi zaka 24, chibadwire ndisanaigwirepo, koma mtengo tinali titamvana kale: matumba awiri a chimanga ndi wailesi ya Nzeru imene anatisiyira malemu bambo. Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima zaka zoposa 30. Wandichititsa kuilemba ndi mnyamata wina wa kwathu, mwana amene ndinamuphunzitsa sitandade 7, yemwe tsopano ali ndi kashopu kotumizirapo ndalama pafoni. Akuba atamuthyolera kawiri, anabwera kunyumba madzulo ena, n'kudikira mpaka ana onse atalowa, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Aphunzitsi, inu mumadziwana ndi anthu akutsidya. Kodi zija zikupezekabe?" Dzina la chinthucho sanalitchule. Ndinamva msanga, chifukwa nanenso ndinafunsapo funso lomwelo, motsitsa mawu chimodzimodzi.

Kwathu n'kufupi ndi Limbuli, kumene msewu wochokera ku Chitakale umadutsa m'minda ya tiyi n'kukathera pachipata cha Muloza. Ukaima pabwalo, phiri la Mulanje lili kumbuyo kwako, ndipo kutsidya, ku Mozambique, ukuona phiri la Tumbine, m'munsi mwake muli tauni ya Milange. Malire a maiko awiriwa ndi mtsinje wa Muloza, umene m'chilimwe ana amawoloka madzi akulekeza m'mawondo. Tsidya lino ndi tsidya lija ndife anthu amodzi. Chilomwe n'chomwecho, kalongonda ndi yemweyo, maliro akagwa uko ife timakagona kusiwa. Makolo a ambiri a ife anachokera komweko kudzathyola tiyi m'masiteti. Choncho nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inayamba mu 1977, kwa ife siinali nkhani ya pawailesi. Mu 1986 Renamo italanda Milange, anthu anawoloka usana ndi usiku, mitolo pamutu, ana kumsana, ena mabala akuchucha. Ku Muloza kunakhala msasa wa othawa nkhondo, koma ambiri analowa m'midzi mwathu momwemu, kwa abale awo. Pofika 1992 dziko la Malawi linali likusunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni.

Pa 4 Okutobala 1992 mbali ziwirizo zinasaina pangano la mtendere ku Rome. Mu 1994 asilikali ankasonkhanitsidwa m'misasa moyang'aniridwa ndi United Nations kuti atule pansi zida, azibwerera kwawo. Si mfuti zonse zinaperekedwa. Zina zinakwiriridwa m'tchire ndi atsogoleri amene sankakhulupirira kuti mtendere ukhalitsa, zina anthu anangopita nazo kumudzi. Kuno nako zinthu zinali zitasokonekera. Mu Disembala 1993 asilikali athu analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, ndipo ambiri mwa iwo anathawira ku Mozambique komweko. Pa 17 Meyi 1994 tinavota pachisankho cha matipate, kwacha inali ikugwa, mitengo ya zinthu ikukwera sabata ndi sabata. Nkhondo inatha, koma mfuti zake zinatsala zikufuna ntchito.

Amayi anali ndi okala pakhomo: shuga, mchere, sopo, parafini, machesi. Usiku wina kumayambiriro kwa Juni kunabwera anthu asanu. Anayi anali ndi zikwanje, mmodzi mfuti. Anaombera m'mwamba kamodzi kokha, ndipo mudzi wonse unati zii, palibe anatsegula chitseko. Sindiwaimba mlandu anansi athu, chikwanje ndi mpini wa khasu sizingalimbane ndi chipolopolo. Amayi anawamenya paphewa ndi kuseri kwa chikwanje mpaka anaulula pamene panali ndalama. Ine anandigoneka chafufumimba, phazi la munthu lili pakhosi, ndikumva amayi akulira ndili chete. Kutacha tinakadandaula kumene timayenera kudandaula, analemba m'buku, nkhani n'kuthera pomwepo. Katundu wobedwayo sanandipweteke kwambiri. Chimene chinkandidya chinali phazi lija. Usiku uliwonse ndinkalimva pakhosi, ndipo ndinalumbira kuti munthu sadzandigonekanso pansi pakhomo pa amayi anga.

Kupeza wogulitsa sikunavute. Pamsika ndinangonong'oneza mnzanga wina wogula nandolo kutsidya, ndipo pasanathe masabata awiri anandiuza tsiku ndi malo. Chovuta chinali chimanga. Nkhokwe ya pabanja sinkatsegulidwa popanda mawu a agogo, mlongo wawo wa agogo aakazi, amene anali mwinimbumba. Anali munthu wa zaka za m'ma 70, wamtali, woyenda ndi ndodo, wosalankhulalankhula. Tonse tinkadziwa kuti anali msilikali wa Keyala ndipo anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944, poti mamendulo awo ankakhala m'kachitini pansi pa bedi, koma za nkhondoyo sankakamba. Ndinayesa kunama kuti chimangacho ndikufuna kuyambira geni. Anandiyang'ana nthawi yaitali mpaka ndinaulula.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangofunsa kuti, "Unagulapo mfuti, mdzukulu wanga?"

"Iyayi, agogo."

"Nanga ukakafika ukayang'ana chiyani?"

Ndinasowa choyankha. Mbuzi ndinkadziwa kuiyang'ana mano, njinga ndinkadziwa kuigwedeza mahabu, koma mfuti ndinkangoidziwa kulira kwake.

"Tipitira limodzi," anatero. "Chimanga chikhale kaye m'nkhokwe."

Linali tsiku la chiperoni, kamvula kowaza kosalekeza, phiri lonse litabisika. Tinakumana kudimba, m'kati mwa nthochi, pafupi ndi chulu chachikulu. Wogulitsayo anafika akukankha njinga, thumba la makaka lili pakaliyala. Ndinkaganiza kuti ndiona chigawenga cha maso ofiira. Amene ndinaona anali mnyamata wa msinkhu wanga, wowonda, wovala nsapato za matayala, amene anagwada popereka moni kwa agogo m'Chilomwe. Anapisa dzanja m'makaka muja n'kusolola chinthu chokulungidwa m'chitenje chakale. Akumasula, ine ndinali nditaima patsogolo pake, mtima ukugunda ndi chimwemwe. Inali AK-47, yomwe ija ili pambendera ya dziko lawo. Anachotsa magazini, n'kuiika pansi, n'kunditambasulira mfutiyo. "Ilibe kanthu, achimwene. Gwirani muimve."

Ndodo ya agogo inandimenya pamkono ndisanaikhudze.

"Choka kutsogolo kwa mpope. Iwe, ilozetse kuchuluko." Mawu awo anali atasintha, sanali a nkhalamba ija ya pakhonde. "Mtundu uwu sindinaugwiritsepo ntchito, koma mfuti iliyonse ili ndi kachipinda kamene chipolopolo chimagona chikatuluka m'magazini. Tsegula ndione."

Mnyamata uja anatsitsa kachitsulo ka m'mbali, n'kukoka chokokera. Chinakana ndi dzimbiri. Anakokanso mwamphamvu, ndipo chipolopolo chinadumpha n'kugwera pamasamba a nthochi. Tonse atatu tinachiyang'ana osalankhula. Nkhope ya mwini katunduyo inasonyeza kuti nayenso sankadziwa. Anali atayenda nayo mtunda wonsewo pakaliyala, m'mabampu, ndipo nthawi yonse imene ankamasula chitenje mpope unali utaloza pamimba panga.

Apo m'pamene agogo anailandira. Anasiya kachipinda kaja kali kotsegula, analowetsamo chala chachikulu kuti chikhadabo chiyang'ane kumwamba, anatembenukira kumene kunali kuwala, n'kusuzumira kukamwa kwa mpope ndi diso limodzi. Anandifotokozera kuti umu ndi mmene ankachitira paperete ku Zomba. Msilikali aliyense ankaika chikhadabo chake chotero kuti chibweze kuwala m'kati, bwana n'kumadutsa akusuzumira mfuti imodziimodzi. Mpope wabwino umawala ngati galasi, ndipo umaonetsa mizere yopota imene imazunguza chipolopolo kuti chiyende mowongoka. Mizereyo ikafufutika, kapena m'kati mukakhala timaenje ta dzimbiri, mfuti imaponya kumene yafuna.

"Suzumira," anatero.

Ndinasuzumira. "Sindikuona kanthu, agogo. Muli mdima."

Anathyola kabango kowonda n'kukalowetsa. Munatuluka dothi louma, lofiira, kenako tizidutswa ta nyumba ya mavu. Mfutiyo inali itakhala m'dzenje kapena kudenga kwa miyezi yambiri. "Ukanaombera ili chonchi," anatero, "chipolopolo chikanasowa njira. Mpope ukanang'ambikira kumaso kwako."

Tsiku limenelo agogo analankhula za usilikali kuposa masiku onse amene ndinawadziwa. Anati ku Burma mvula inkagwa osaleka, chitsulo chinkachita dzimbiri usiku umodzi wokha. Mfuti yawo inali Lee-Enfield ya .303, yolowa zipolopolo 10, yokoka ndi dzanja ukaombera kamodzi. Kuthabwa lake lakumbuyo kunali kachitseko, m'kati mwake mukukhala kabotolo ka mafuta ndi chingwe chokokera kansalu mumpope. Akaombera ankathira madzi owira mumpopemo, chifukwa zipolopolo za nthawi imeneyo zinkasiya mchere umene umadya chitsulo, ndipo mafuta okha sauchotsa. Munthu ankayamba wasamalira mfuti asanasambe, asanadye. Nambala ya mfuti yake ankaidziwa pamtima ngati dzina la mwana wake, ndipo kuitaya unali mlandu waukulu.

Atatero anayamba kufunafuna nambala pa AK ija. Pathupi pake, pamene panayenera kukhala nambala, panali popalidwa ndi tupa. Pachivundikiro panali nambala ina, pachitsulo cha m'kati inanso. Anati zimenezi zikutanthauza kuti mfutiyo ndi yolumikiza, ziwalo zake zinachokera ku mfuti zingapo zakufa, ndipo palibe angalonjeze kuti zikugwirana bwino. Panatsala kachizindikiro kamodzi kokha, 66 m'kati mwa kachinthu ka makona atatu, ndi zilembo zimene tonse sitinathe kuwerenga. Patapita zaka ndinadzadziwa kuti chimenecho n'chidindo cha fakitale ya ku China, ndipo mtunduwo amautcha Type 56. Thabwa lakumbuyo linali long'aluka, lomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. M'magazini munali zipolopolo 11 mmalo mwa 30, zonse zamawangamawanga a dzimbiri. Agogo anati chipolopolo chokalamba n'choipa kuposa mfuti yokalamba: china chimakana, china chimachedwa pang'ono n'kulira munthu atatembenuza kale mfuti kuti aone chavuta n'chiyani.

Kenako chala chawo chinaima pathabwa paja. Panali zilembo ziwiri zozokotedwa ndi mpeni. Anamufunsa mnyamata uja dzina lake, iye anatchula, ndipo zilembozo sizinali zake.

"Mwini wake ali kuti?"

Anayang'ana pansi. "Anatsalira m'tchire, agogo."

"Iwe unalowa usilikali uli ndi zaka zingati?"

"Ananditenga ndikuchokera kumunda. Ndinali ndisanamere ndevu."

Agogo sanafunse kuti anamutenga ndi a mbali iti. Ine panthawiyo ndinkafuna kudziwa, koma lero ndikuona kuti anachita bwino.

Ndinkaganiza kuti mayeso athera pachitsulo. Ndinayamba kunena kuti mwina tingaitsuke, kapena atibweretsere ina yabwinopo. Apo agogo anabweza mfutiyo kwa mwini wake n'kutembenukira kwa ine. Anandifunsa kumene ndikaisunge. Ndinati kudenga. Anandikumbutsa kuti ana a mlongo wanga amakwera kudenga komweko kukasaka mazira a nkhuku. Anandifunsa kumene ndikaphunzirire kuombera, poti kulira kwake kumamveka midzi itatu, ndipo iwo anaphunzitsidwa miyezi yathunthu asanaloledwe kupita nayo kunkhondo. Anandifunsa kuti usiku wopanda mwezi, ndikamva tswatswa kuseri kwa okala, ndidzadziwa bwanji ngati ndi wakuba kapena mlamu wanga akuchokera kumowa. Anati chipolopolo cha mfuti ya nkhondo sichiima pachitseko kapena pampanda wa udzu, chimapitirira mpaka kwa anansi amene agona pamphasa. Anatinso akuba akamva kuti pakhomo pali mfuti saleka kubwera, amabwera ambiri, ndipo amayamba ndi kupha mwini wake chifukwa mfutiyo ndi katundu woposa shuga yense wa mu okala. Za ndende anazitchula pomaliza, mwachidule.

Ndinakwiya. Ndinawauza kuti iwo sanagonekedwe pansi amayi awo akumenyedwa. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndi chifukwa chake sindikufuna uigule. Ukuifuna uli ndi mantha ndi manyazi. Anthu amene ndinawaona akuombera anzawo a gulu lomwelo usiku sanali oipa mtima, anali amantha." Sanawonjezere kanthu, ndipo sindinawamvenso akukamba za Burma mpaka imfa yawo.

Anandituma kunyumba kukatenga ndowa imodzi ya chimanga. Anati mlendo wayenda ulendo wautali, ndipo kwawo kuli njala. Mnyamata uja analandira ndi manja awiri, anakulunganso mfuti yake m'chitenje, anatola chipolopolo chija n'kuchiika m'thumba la malaya, n'kukankha njinga kulowa m'nkhungu.

Chaka chotsatira ndinapita kukaphunzira zauphunzitsi, ndipo m'mabuku a mbiri ndinapeza kuti Mulanje wakhala akulandira mfuti zotsala ku nkhondo za eni ake kuyambira kalekale. Gogodera amene agogo a agogo athu ankathira onga kukamwa, ambiri anali mfuti zakale zimene asilikali a ku Ulaya anazisiya atapeza zatsopano. Amalonda ankabwera nazo kuchokera kugombe n'kumasinthanitsa ndi minyanga ndi anthu. Njira ina ya akapolo yopita ku Quelimane inkadutsa pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi, ndipo n'chifukwa chake atsamunda anamanga Fort Lister pamenepo mu 1893, ndi Fort Anderson mbali ya kuno. Mfumu Matipwiri, imene inali ndi mfuti zoterezi, inagonjetsedwa mu 1895. Nthawi imeneyo mfuti yotha ntchito kwa mzungu inkagulidwa ndi munthu wamoyo. M'nthawi yanga mfuti ya ku China, yodzera m'manja osawerengeka, inafika pamatumba awiri a chimanga. Ogulitsa enieni, amene anazipanga n'kuzikweza m'sitima, sanaonepo mtsinje wa Muloza.

Ndinadabwanso kumva kuti kumaiko ena kugula mfuti zakale za asilikali ndi chinthu chimene anthu amachita pokonda, monga ena amasonkhanitsira ndalama zakale. Ku America ndi ku Canada munthu amatha kugula Lee-Enfield ngati ija ya agogo, kapena Mosin-Nagant ya ku Russia, kapena Mauser ya ku Germany. Wongoyamba kumene amalangizidwa zinthu zomwe zija ndinazimva m'nthochi: yamba watsimikiza kuti mulibe chipolopolo, suzumira mumpope pali kuwala, ona ngati manambala akugwirizana, fufuza ming'alu pathabwa, ndipo usaombere mmisiri wa mfuti asanaiyeze. Amawerenga zidindo kuti adziwe ngati inapangidwa ku Enfield, ku Lithgow m'dziko la Australia, ku Ishapore m'dziko la India kapena ku Long Branch ku Canada, ndipo imene ziwalo zake zonse zili ndi nambala imodzi imakwera mtengo. Sindiwanyoza anthu amenewa. Nanenso ndikanakonda kugwira Lee-Enfield kamodzi, kuti ndimve kulemera kumene agogo anasenza m'matope a ku Burma. Koma iwo amagula m'sitolo, masana, ndipo nkhondo imene mfutiyo inamenya inatha iwo asanabadwe, kutali ndi kwawo. Nambala kwa iwo ndi mbiri yosangalatsa. Ya kwathu inabwera pansi pa makaka, nambala itapalidwa dala, mwini zilembo zija mafupa ake akadali m'tchire tsidya lomweli.

Lamulo lathu la mfuti, Firearms Act ya 1967, silitseka khomo kwa aliyense. Munthu amene ali ndi chifukwa chomveka amapempha kupolisi, amafufuzidwa, mfuti yake imalembedwa m'kaundula ndi nambala yake, ndipo chiphaso amakonzetsanso chaka ndi chaka. Alimi ena ndi eni mabizinesi ali nazo mfuti zoterozo. Koma mfuti ya nkhondo, yolavula zipolopolo motsatizana chala chikangokhala pachokhethemulira, munthu wamba saloledwa kukhala nayo, ndipo palibe njira yoiyeretsera imene yagulidwa kudimba. Ndikudziwa kuti njira ya chiphaso ndi yaitali ndipo imafuna ndalama zimene wa okala alibe. Ndikudziwanso kuwawa kouzidwa kuti dikira pamene akuba sadikira. Zimenezi sindizichepetsa. Chimene chinatithandiza ife pamapeto pake sichinali chachikulu: amfumu anaitanitsa msonkhano, amuna tinayamba kulondera mosinthana, nyumba iliyonse inapeza wezulo, ndipo tinapangana kuti ikalira imodzi tonse tiziimba ndi kumenya zitini osatuluka mmodzimmodzi. Amayi analeka kugona ndi ndalama m'nyumba. Kuba sikunatheretu, koma pakhomo pathu sipanagwe maliro.

Kwa zaka zambiri ndinkaiona nkhaniyi ngati ya mwayi wanga: ndinapulumuka ku chipolopolo chobisala, ku mpope wotsekeka ndi ku ndende. Ndikamakula m'pamene mbali ina yayamba kundilemera. Ife sitinagule, koma mfuti ija sinafe. Inabwerera pakaliyala, ndipo mnyamata uja anali akadali ndi njala. Ndowa imodzi ya chimanga imatha sabata imodzi. Pamsika womwewo panali anthu ena ofuna katundu wotere, amene analibe agogo owaperekeza, ndiponso ena amene ankadziwa bwino kutsuka mpope ndipo sankaufunira kulondera okala. Miyezi yotsatira, ndikamva kuti kwinakwake achifwamba aombera munthu wa golosale kapena alanda njinga pamsewu, ndinkadzifunsa ngati si yomwe ija ya mphira ya chubu. Mpaka lero ndimadzifunsa.

Ndinawafunsapo agogo chifukwa chimene sitinakanene kupolisi. Anati tikanakanena, woyamba kumangidwa ndikanakhala ine amene ndinaitanitsa, wachiwiri mwana uja amene anagwidwa kale kamodzi akuchokera kumunda. Ndikuwamvetsa. Masiku amenewo kuno kunalibe khomo limene munthu akanagogoda ndi mfuti m'manja n'kutuluka ali mfulu. Komabe pamenepa mtima wanga sugwirizana nawo kwathunthu. Tikanatha kupereka matumba awiri aja, n'kuiphwanya ndi hamala pamwala iye akuona, zidutswa n'kuziponya m'chimbudzi. Chimanga tikanalima china. Nzeru imeneyi inandifikira mochedwa, nditamva zimene anachita a mipingo ku Mozambique.

Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, linayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi zipangizo. Munthu ankabweretsa mfuti osafunsidwa mafunso, n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo ankazidula pomwepo, ndipo zidutswa zina amisiri anaumba nazo zinthu. Mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti zoterezi uli ku British Museum ku London. Mu 1995 momwemo apolisi a ku South Africa ndi a ku Mozambique anayamba Operation Rachel, kufukula ndi kuphulitsa zida zokwiriridwa m'tchire. Bishopu uja anaona chimene ine sindinachione m'nthochi muja, kuti wogulitsa sankafuna mfuti ndipo sankafuna kupha munthu, ankafuna choyambira moyo. Zikanatheka kuti adikire chaka chimodzi, ndipo ntchitoyo n'kufika kwawo, bwenzi mwina lero ali telala pa Milange. Mu Ogasiti 2001 atsogoleri a maiko a SADC anasainira mu mzinda wa Blantyre pangano loletsa kufalikira kwa mfuti, limene mwa zina limati mfuti zotsala za boma ziziwonongedwa mmalo momangozisunga. Kuyambira 2017 bungwe la African Union linaika mwezi wa Seputembala kuti ukhale nthawi imene maiko azilandira mfuti zosaloledwa popanda kumanga wozibweretsa. Mapangano amenewa ndi abwino, koma kumudzi kwathu ndi anthu ochepa amene anawamvapo, ndipo munthu sangatulutse chimene anabisa ngati sanamve kwa amfumu ake, pamaso, kuti sagona m'chitokosi.

Mnyamata wa kashopu uja ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera zonsezi, kuyambira phazi lija mpaka nyumba ya mavu. Ndinamufunsa mafunso a agogo limodzilimodzi, ndipo pa funso la kudenga anayang'ana kumbali, poti ali ndi ana awiri aang'ono. Sindinamuuze kuti mantha ake ndi opanda pake, chifukwa si opanda pake. Tinakambirana zoti asamatseke mochedwa, ndalama azikasungitsa dzuwa lisanalowe, ndipo iye ndi anzake a mashopu oyandikana alembe mlonda mmodzi mosonkherana. Ndinamuuza kuti ngati mtima wake ukufunabe mfuti, apite kupolisi masana akafunse njira ya chiphaso, ndipo ndidzamuperekeza. Za kutsidya ndinamukanira.

Agogo anamwalira mu 2001, mamendulo awo ali ndi ine m'kachitini komwe kaja. Wailesi ya Nzeru inalira mpaka inatha yokha. AK-47 imapangidwa kuti ipirire matope ndi mvula, ndipo yokulungidwa bwino m'pulasitiki ndi girisi imakhala pansi zaka makumi osawonongeka. M'midzi ya m'mbali mwa Muloza ndi Ruo muli akuluakulu amsinkhu wanga amene akudziwa pamene zina zinakwiriridwa, ndipo ana amene akukumba maziko ndi kulima madimba lero anabadwa nkhondo itatha, sadziwa kuti kuchotsa magazini sikutanthauza kuti mfuti ilibe kanthu. Inu amene mukudziwa malowo, musafukule nokha ndipo musatume mwana. Kauzeni amfumu kapena abusa anu, mupitire limodzi kupolisi, akaichotse odziwa ntchito yake.